Mmene ndimayezera ngati mtsempha wa mtima watsekeka

Munthu akangonena kuti pachifuwa pakulemera ngati pasanjikidwa mwala, ululu n'kumafika kudzanja lamanzere kapena kunsagwada, sindichulutsa mafunso. Ndimafuna ECG (chipimo chojambula magetsi a mtima ngati mizere papepala) itajambulidwa pasanathe mphindi 10.

Ndimamugoneka chagada n'kumata timawaya 10: 6 pachifuwa, 4 m'manja ndi m'miyendo. Apa m'pamene zinthu zimasokonekera kawirikawiri. Thukuta limamatula timawayato, choncho ndimayamba ndapukuta khungu, ndipo cheya chikachuluka ndimameta. Wodwala akamanjenjemera kapena kulankhula, mizere imangokhala yokhotakhota. Ukasinthanitsa waya wa dzanja lamanja ndi wa lamanzere, pepala limaonetsa vuto lomwe kulibe.

Papepalapo ndimayang'ana kachigawo ka mzere kotchedwa ST. Kakakwera, nthawi zambiri ndiye kuti mtsempha watsekeka wonse, ndipo sindidikiranso zotsatira za magazi. Wodwala amatafuna asipirini wa 300 mg ngati thupi lake silidana naye komanso sakutaya magazi, kenako timathamangira kutsegula mtsemphawo. Koma ECG yoyamba ikhoza kuoneka bwinobwino mtima ukuvulala. Ululu ukapitirira ndimabwereza pakatha mphindi 15 mpaka 30.

Kenako magazi. Timayeza troponin, puloteni amene amatuluka mnofu wa mtima ukawonongeka. Ameneyu satulukira pomwepo, amatenga maola angapo kuti akwere, n'chifukwa chake ndimafunsitsa kuti ululu unayamba nthawi yanji. Amene wafika msanga zotsatira zake zingakhale zabwino, koma kumubweza kunyumba pamenepo n'kulakwa kwakukulu. Timatenganso magazi pakatha maola 3 mpaka 6, kapena ola limodzi mpaka 3 pamene pali makina amakono, n'kuona ngati nambala ikusintha. Matenda a impso nawonso amakweza troponin, koma nthawi zambiri nambala yake imangokhala pamodzimodzi.

X-ray ya pachifuwa sionetsa kutsekekako, imangothandiza kuona mavuto ena monga madzi m'mapapo. Echo, yomwe ndi sikani ya mtima, imaonetsa mbali ya mtima imene sikugunda bwino. Chimene chimaloza malo enieni otsekeka ndi angiogram: kapaipi kopyapyala kamalowa pamtsempha wa pamkono kapena m'mphechepeche, n'kuthiramo mankhwala ooneka pa X-ray. Zipatala zambiri zilibe zimenezi, ndiye wodwala amatumizidwa kwina.

Amene ndimawasamala kwambiri ndi odwala shuga, okalamba ndi amayi. Ena amangobwera akuti ndi chilungulira, kubanika kapena kufooka, pachifuwa osapweteka n'komwe. Amenewanso ndimawajambula ECG.