Chipale chochepa cha December ku Davos

Musitima yokwera phiri ya Parsennbahn, dandaulo la anthu linali limodzi: chipale chofewa chachepa chaka chino. Kunali kumayambiriro kwa December, ndipo m'munsi mwa phiri udzu wouma unkaonekabe, miyala ili tong'o. Sitimayi imakokedwa ndi chingwe kuchokera ku Davos mpaka pa Weissfluhjoch, pamalo okwera mamita oposa 2,600. Pamenepa ndi pamene akatswiri a ku Switzerland anayambira kufufuza chipale mu 1936, ndipo bungwe lawo la SLF ndi limene limachenjeza anthu za chigumukire cha chipale tsiku ndi tsiku m'nyengo yozizira.

Mayi amene ankatitsogolera sanadandaule nawo. Iwo chimene chinkawadetsa nkhawa n'chakuti chipale chochepacho chinagwa msanga, kenako kunja kunayera kwa masabata, kukuzizira kwadzaoneni usiku. Chenjezo la tsikulo linali pa 3. Muyezo umene mayiko a ku Ulaya anagwirizana mu 1993 umachokera pa 1 kufika pa 5, ndiye 3 amamveka ngati zapakatikati. Komatu ku Switzerland pafupifupi theka la anthu ofa ndi chigumukire amafa chenjezo lili pa 3 pomwepo. Likafika pa 4 kapena 5 ambiri amachita mantha okha, sapita kutali.

Titachoka pa njira zosalazidwa zimene anthu amatsetserekapo pa chipale, mayiwo anaima pakamtsetse koyang'ana kumpoto, natulutsa fosholo n'kukumba mpaka dothi. Dzenjelo linangofika m'ntchafu. Anasalaza khoma lake n'kutiuza kuti tiziboola ndi dzanja kuchokera pamwamba. Pamwamba panali polimba, chipale chimene mphepo inaunjika n'kuchitsendera, moti chala chimodzi chinkalowa movutikira. Koma cha pansi nkhonya yonse inangolowa phwii. Nditatapa cha pansicho, chinkayoyoka m'zala ngati shuga, ndipo ngakhale ndinachifinya chotani sichinaumbike. Pagalasi lokulitsa zinthu, timibulu take tinkaoneka ta ngodya, tina tobooka mkati.

Chimachititsa zimenezi n'kusiyana kwa kutentha. Dothi lokwiririka ndi chipale limakhala pafupi ndi madigiri 0, pamene mpweya wapamwamba umatha kutsika kupitirira -10. Chinyezi chimakwera kuchoka pofundapo kupita pozizira, ndipo pokwerapo chimasandutsa timibulu tija kukhala tatikulu, tosagwirana. Chipale chikakhala chakuya, kusiyanako kumagawika pa mtunda wautali, vuto silikula. Chikakhala chochepa, masiku owerengeka okha akwana. Kenako chipale china chikagwa pamwamba, chimakhala pa maziko ofumbwa amene sakuoneka, ndipo maziko amenewo amatha kukhala choncho miyezi.

Mayiwo anadula chipilala cha chipale cha masentimita 30 mbali zonse, naika fosholo pamwamba pake n'kuyamba kuimenya pang'onopang'ono ndi chikhatho. Asanayambe n'komwe kumenya ndi mphamvu ya mkono wonse, chipilala chija chinathyokera pansi penipeni, n'kutsetsereka chonse chathunthu. Titayenda pang'ono pamalo athyathyathya, pansi panamveka kuti "vuu", chipale chikutitimira pang'ono, mng'alu n'kuthamanga kuchokera pa phazi la amene anali patsogolo. Mtima unandigunda kwambiri, ngakhale kuti pamenepo panalibe poti n'kugumukira.

Kutsogolo kwathu kunali mtsetse wokongola, ndipo unali ndi mizere ya anthu amene anatsikirapo kale. Mnyamata wina m'gulu lathu analoza mizereyo, kufunsa ngati sitingatsatire momwemo. "Mizere imangonena kuti iwowo sanaponde pofooka," anatero mayiwo. Anayeza kutsetsereka kwake, n'kupeza kuti ndi madigiri oposa 35. Zigumukire zambiri zimayambira pakati pa madigiri 30 ndi 45, ndipo pa ngozi zambiri amene amaziyambitsa ndi wokwiririkayo kapena mnzake wa m'gulu lomwelo. Tinabwerera, n'kudzera njira yozungulira yosafika madigiri 30, kutalikirananso ndi tsinde la mtsetse uja, chifukwa mng'alu umatha kuyambira m'munsi n'kugwetsa za pamwamba.

Ine ndinagwirizana nawo ndi mtima wonse. Aliyense wa ife anali ndi kachipangizo kofufuzira munthu wokwiririka, ndodo yaitali yobayira m'chipale ndi fosholo, koma zida zimenezi zimagwira ntchito tsoka litagwa kale. Mwa anthu amene afukulidwa mphindi 15 zisanathe, pafupifupi 9 mwa 10 amakhala ali moyo, koma mphindi 35 zikadutsa ambiri amakhala atabanika. Ndiponso mu December miyala imakhala isanakwiririke bwino, choncho ngakhale kachigumukire kakang'ono kamakhwekhwereza munthu pa matanthwe.

Madzulo ake SLF inalengeza kuti kukubwera chipale china ndi mphepo yamphamvu, zomwe zikanangowonjezera katundu pa maziko ofumbwa aja. Mayiwo anasintha ulendo wa m'mawa mwake, ndipo tsiku lonselo sitinachoke pa njira zosalazidwa.