Laputopu yanga yakale yadzuka, koma RAM yolakwika inanditsekera shopu tsiku lonse

Laputopu yanu ikamachedwa musathamangire kuigulitsa motchipa, ndipo munthu asakuuzeni kuti "yakalamba iyi, gulani ina" asanaitsegule n'komwe. Yanga ndi Dell Latitude E6440, za m'ma 2013 zija, ya Core i5, ndinaigula kwa munthu itagwira kale ntchito. Ndi imene ndimalembera anthu makalata, ma CV ndi mayeso a masukulu m'kashopu kanga pa Dedza boma. Inafika poti kasitomala akabwera ine n'kuiyatsa, iye amapita kumsika kukagula mbatata, kubwerako n'kupeza Word isanatseguke. Lero ikuyaka ndisanakhazikike pampando. Ndasintha zinthu ziwiri basi: ndachotsa hard disk, disiki yosungira mafayilo, n'kuikamo ina yamakono yothamanga yotchedwa SSD, kenako RAM, imene imagwirizira kwakanthawi zimene kompyuta ikugwira, ndaikweza kuchoka pa 4GB kufika pa 8GB. Kuziikako si ntchito, theka la ola lakwana. Kugula ndiye kunandipweteka mutu.

Musanatulutse ndalama, onani kaye chimene chikudwala. Dinani Ctrl, Shift ndi Esc nthawi imodzi, Task Manager itseguka, pitani pa Performance. Kwa ine CPU, ndiye purosesa, mutu wa kompyuta, inali phee, osatopa n'komwe, koma Disk inali pa 100% kuyambira poyatsa mpaka madzulo, Memory, ndiye RAM ija, nayo itatsala pang'ono kudzaza ndikangotsegula Chrome. Mukaona choncho dziwani kuti vuto si mutu wa kompyutayo ayi. Mnyamata wina wokonza mafoni kuno anali atandidyapo kale ndalama, akuti ndi ma virus, anaifomata, inathamanga sabata imodzi kenako n'kubwerera m'chimake. Kufomata sikuchiza disiki yotopa.

Hard disk ndi mbale yozungulira. Zambiri za m'malaputopu zimazungulira ka 5400 pa mphindi, ndipo pali kamkono kamene kamayenda pamwamba pake kufunafuna fayilo iliyonse. Mukaika khutu pafupi mumamva kakugogoda. SSD ilibe chozungulira chilichonse, ndi ma chip okhaokha. Ya SATA imawerenga pafupifupi 500MB pa sekondi pamene hard disk ya laputopu imazungulira cha m'ma 100MB, koma kusiyana kwenikweni kumaoneka pa timafayilo ting'onoting'ono tambirimbiri timene Windows imawerenga poyaka. Ndiye ngati ndalama ikukwanira chinthu chimodzi chokha, gulani SSD. RAM idikire. Ya 256GB ndi yokwanira munthu wolemba makalata ngati ine, bola osaidzaza mpaka pakamwa.

Pogula nenani kuti mukufuna ya SATA ya 2.5 inchi, yooneka ngati kabokosi kafulati. Masiku ano m'mashopu mwadzaza zazitali zopyapyala zija za M.2, ndipo ogulitsa amakonda kukankha zimenezo. M'laputopu ngati yangayi malo ake mulibe.

SSD ija inalibe mlandu. Nkhani ndi RAM.

Ndinatsegula pansi pa laputopu, n'kupeza malo a RAM ndi awiri, amodzi muli 4GB, enawo opanda kanthu. Ndinajambula sitika ya RAM imene ilimoyo bwinobwino, palembedwa PC3L-12800S, n'kutumiza chithunzicho pa WhatsApp ku shopu ina ya makompyuta ku Lilongwe imene mnzanga anandilozera. Anayankha mwachangu kuti ilipo, yomweyo ndendende. Ndinalipira pafoni, iwo n'kupatsira kondakitala wa minibasi, ine n'kukalandira pa depoti madzulo. Kufika kushopu, ndachotsa batire, ndaika RAM ija, yalowa bwinobwino mpaka timapini tam'mbali kulira kuti tswa. Kuyatsa, sikirini bii. Timagetsi tikungophethira, fani ikuzungulira, koma palibe chooneka. Kuchotsa yatsopanoyo, laputopu yayaka. Kuibwezera, mdima. Nditaunika sitika yake ndi tochi ya foni ndinapeza palembedwa PC3-12800S. L palibe.

Mvetsani apa, chifukwa ndi pamene ogulitsa ambiri amanamizira anthu. RAM ya DDR3 wamba, yolembedwa PC3 pa sitika, imafuna mphamvu ya 1.5V, pamene DDR3L, yolembedwa PC3L, imayendera 1.35V. Kaonekedwe ndi kofanana, mapini ndi 204 zonse, kampata kolowera kali pamalo amodzimodzi, ndiye imalowa popanda kukakamiza. Koma malaputopu a Intel a m'badwo wachinayi, aja nambala ya purosesa yake imayamba ndi 4 ngati i5-4300M, amafuna DDR3L. Mukaika ya 1.5V ambiri sayaka n'komwe. Kutembenuza ndiye kumatheka, DDR3L imagwira m'malaputopu ambiri akale ofuna DDR3 wamba. DDR4 ndi nkhani ina, ili ndi mapini 260 ndipo kampata kake kali pena, singalowe ngakhale mutalimbana nayo. S wakumapetoyo akusonyeza kuti ndi yaifupi ya laputopu, ya desikitopu pamakhala U ndipo ndi yaitali.

Ndinawaimbira. Mnyamata wa m'shopumo akuti, "Achimwene, ndi yomweyo imeneyo, L-yo ndi kalembedwe ka kampani chabe. Mwina mwaika mozondoka." RAM yoika mozondoka! Kampata kaja kanaikidwa n'cholinga choti isalowe mozondoka. Ndinamuuza kuti aitumize yoyenera pa minibasi, ine ndibweze inayo. Anakana, akuti katundu wotsegulidwa amafuna abwana amuone ndi maso.

Ndiye m'mawa mwake ndinatseka shopu, nthawi yake imene aphunzitsi amabwera ndi mayeso a kumapeto kwa teremu oti ndiwalembere, n'kunyamula laputopu m'chikwama. Amene mumayenda msewu wa M1 mukudziwa. Makilomita 80 ndi kuposerapo si kanthu pagalimoto ya munthu, koma minibasi iyambe yadzaza kaye pa depoti, kuzizira kwa Dedza kukukulowa m'mafupa, kenako kuima pa Linthipe, kuima pa Chimbiya kukweza matumba, pa Nathenje kukangana za chenji. Kufika m'tauni, abwana kulibe. "Atuluka pang'ono, abwera pompano, takhalani apa." Pompano wakeyo anafika dzuwa litapendeka. Ndinakhala pa kasitulu kapulasitiki kuonerera anthu akugula ma chaja ndi zotchingira mafoni, foni yanga ikungolira, makasitomala akufunsa kuti mwatseka bwanji lero. Mayi wina wa kusukulu ya pulaimale anachita kunena kuti apita kwina, ndipo anapitadi.

Abwana atabwera sanatsutse n'komwe. Anangoyang'ana sitika n'kunena kuti, "Aa, mwana uyu wasokoneza." Anatsegula dirowa, ya PC3L inali momwemo nthawi yonseyi. Kenako akuti ndiwonjezere K8,000 chifukwa paketi ndinaing'amba, sangaigulitsenso ngati yatsopano. Paketi yake iti? Kapulasitiki komata ndi selotepi, RAM yakenso yochotsa m'laputopu ina, mapini ake akuoneka kuti analowapo kale. Ndinawaonetsa chithunzi chimene ndinatumiza ndi yankho lawo lakuti yomweyo ndendende. Anati, "Akulu, tisakangane, bizinesi yavuta, dola yakwera." Dola inakwera liti pakati pa dzulo ndi lero? Tinakokanakokana, kunja kukuda, ine ndikuganiza za minibasi yomaliza. Ndinapereka theka, ndipo mpaka lero ndalama imeneyo imandiwawa kuposa ya thiransipoti yopita ndi kubwerera, chifukwa ndinalipirira kulakwitsa kwa eni shopu.

Koma ndisanapereke ndinatulutsa laputopu pa kauntala pomwepo, ndinabwereka screwdriver yawo, n'kuika RAM ija iwo akuona. Inayaka, Task Manager n'kuonetsa 8GB. Chitani zimenezi. Pitani nayo laputopuyo, aiike muli pomwepo, iyake, ndiye mulipire. Zotumizirana pa minibasi zisiyireni anyezi ndi kabichi. Palisiti alembenso PC3L ndi dzanja lawo, osati "RAM 4GB" basi.

Ndibwerere m'mbuyo pang'ono, SSD ndinaika kale RAM isanabwere. Musanakhudze screw iliyonse, koperani mafayilo anu onse pa fulashi kapena pena paliponse. Ine ndimasunga ma CV a anthu a zaka zambiri, munthu amangobwera n'kunena kuti "ija munandilembera ija, muwonjezerepo satifiketi," ndiye kutaya zimenezo ndi kutaya makasitomala. Zimitsani, zulani chaja, chotsani batire, dinani batani loyatsira kwa masekondi angapo kuti moto wotsalira uthe. Kuno nthawi yozizira timavala majuzi, ndipo juzi imasunga timagetsi tija timathetheka mukamavula usiku. Timeneto tingathe kupha RAM. Vulani juziyo, gwirani chitsulo cha chitseko kapena cha windo musanagwire zam'kati, ndipo RAM muziigwira m'mbali, osati pa mapini agolidewo. Ma screw ikani m'mbale, ndi ang'ono kwambiri, akagwa pa simenti simuwaonanso. Pa laputopu yangayi hard disk imasololoka cham'mbali mukamasula ma screw apansi, kachivundikiro kake mumakasamutsira pa SSD n'kubwezeretsa. Malaputopu ena ndi ovuta, amafuna kutsegula chipansi chonse, ndiye fufuzani kanema wa mtundu wanuwo pa YouTube musanayambe kutokosa.

SSD yatsopano imabwera yopanda kanthu. Njira ndi ziwiri, kukopera disiki yakale yonse ndi pulogalamu ngati Clonezilla, kapena kuika Windows mwatsopano. Ine ndinasankha mwatsopano, sindinafune kusamutsa zinyalala za zaka zonsezi. Pamafunika fulashi ya 8GB yopanda kanthu, chifukwa zonse zili m'menemo zimafufutika, ndi pulogalamu yoikira Windows pa fulashiyo, Media Creation Tool ya Microsoft kapena Rufus. Fayilo ya Windows ndi ya ma GB angapo, ndiye gulani bandulo yokwanira, ndipo usiku netiweki imakhalako bwino. Konzani fulashiyi musanachotse disiki yakale. Pa Dell mumadina F12 ikangoyaka kuti musankhe fulashi. Sankhani ya 64-bit. Ya 32-bit siona RAM yoposa 4GB, ndiye mutha kuvutika ngati mmene ndinavutikira ine ku Lilongwe kuja kenako Windows n'kumagwiritsa ntchito theka lokha. Ngati Windows 10 yanu inali yovomerezeka kale pa laputopu yomweyo, imadzivomereza yokha mukalumikiza intaneti, bola muike mtundu womwewo, Pro ngati inali Pro. Magetsi anathima ndili pakati poika, mwamwayi batire linali lodzaza ndipo linangokwanira. Tchajani kaye.

Mukamaliza tsitsani CrystalDiskInfo, ndi yaulere. Imaonetsa thanzi la disiki ndi maola amene yagwira ntchito. SSD imene akuti ndi yatsopano koma ikuonetsa maola masauzande, akugulitsani yakale. Yanga inali yatsopanodi. Hard disk yakale ija itaunikidwa ndi pulogalamu yomweyi inaonetsa chenjezo lachikasu, kusonyeza kuti inali itayamba kufa. Ndinaigulira kabokosi ka USB, ndimasungiramo zinthu zoti zitatayika sindingalire.

Poti mwatsegula kale, yang'anani fani. Anthu amati Dedza n'kozizira laputopu singatenthe, koma m'kati mwa yanga munali fumbi lomatana lotseka potulukira mpweya ponse, ndipo purosesa ikatentha imadzichepetsa liwiro yokha kuti isapse. Ndinachotsa ndi mswachi wakale wouma, chala china chitagwira fani kuti isazungulire. Phala lija la pakati pa purosesa ndi chitsulo chozizitsa, thermal paste, limauma pakapita zaka. Kusintha kwake kumafuna kumasula zambiri, ndiye ngati manja anu amanjenjemera apatseni odziwa, koma mukhale pomwepo. RAM ndi ma disiki zimasinthidwa mwakachetechete laputopu ikagona kwa okonza.

Chimodzi choti mudziwe musanawononge ndalama zambiri pa makina akalewa: Microsoft inasiya kupereka zotetezera za Windows 10 pa 14 October 2025, ndipo Windows 11 mwalamulo imafuna kachip kachitetezo kotchedwa TPM 2.0 ndi purosesa ya Intel ya m'badwo wachisanu ndi chitatu kupita m'tsogolo. Yangayi ndi ya wachinayi, siikwanira. Ikugwirabe ntchito, koma za kubanki sindichitirapo, ndipo fulashi ya kasitomala aliyense ndimayamba ndaifufuza ngati ili ndi ma virus. Mphwanga amene amaphunzira za makompyuta akundikakamiza kuika Linux Mint m'malo mwa Windows, akuti imapepuka pa makina akale ndipo ndi yaulere. Ndikuiganizira, chondigwira ndi printer yanga ndi makasitomala ofuna fayilo ya Word yosasokonekera mizere. Poti makinawa ndi akale chonchi, ndinaima pa 8GB ngakhale laputopuyi imalola mpaka 16GB. Pa Word, Excel ndi Chrome, 8GB ikukwana.

Si laputopu iliyonse imene ingadzuke chonchi. Zing'onozing'ono zotchipa zija za Celeron, zambiri RAM yake ndi yowotcherera pa bolodi ndipo zosungira zake ndi kachip kowotchereranso kotchedwa eMMC, ka 32GB kapena 64GB, palibe chochotsa kapena chowonjezera. Tsegulani muone malo ake musanagule kanthu, kapena tsitsani CPU-Z ikuuzeni mtundu wa RAM imene ilimo. Ndipo ndibwerezenso, mupite nayo, iyake pa kauntala, ndalama ituluke pambuyo. Batire langa ndiye likadali lomwe lija lotopa, SSD sichiza zimenezo, ndipo mwezi uno ndalama yake palibe.