Tsiku limene apusi a ku Lingadzi anandikhozetsa mayeso

Ine ndimaphunzitsa bayoloje pa sekondale ina ku Area 25, ndipo vuto langa n'loti ngakhale belu loweruka lilire, pakamwa panga sipaweruka.

Loweruka lina ndinatenga Nabanda kukapitidwa mphepo m'nkhalango ya m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi, kufupi ndi City Centre. Nthawi imeneyo n'kuti ndisanakaonekere kwa amalume ake. Ndinagula tchipisi, ntchafu ziwiri za nkhuku ndi Fanta ziwiri, ndalama yake yobwereka kwa mnzanga wa masamu. Titangokhala pansi, apusi anayamba kutsika m'mitengo mmodzimmodzi ngati anthu a pamaliro amene amva kuti ndiwo zapsa. Ndinazembetsa jumbo ija n'kukaibisa m'chitsamba chothithikana chapafupi. Nzeru za munthu wophunzira.

Kenako ndinayamba kalasi. Ndinamuuza za Jane Goodall, amene mu 1960 ku Gombe, ku Tanzania, anaona chimpanzi akupisa kaudzu m'chulu n'kumavuula chiswe, dziko lonse n'kudabwa kuti nyama nayonso imapanga chida.

"Nanga si mmene tinkakolera agang'a kumudzi?" anatero Nabanda. "Ife bwanji sanatilembe m'buku?"

Ndinapitiriza ngati sindinamve. Ndinamuuza za kanyani kakakazi kotchedwa Imo, ka pachilumba cha Koshima ku Japan, kamene mu 1953 kanayamba kutsuka mbatata m'madzi kasanadye. Anzake anatengera, mayi ake anatengera, mpaka chinasanduka chikhalidwe cha gulu lonse.

"Ndiye kakuposa mlongo wanga kameneko," anatero.

Apa m'pamene satana anandilowa. Mu 1980, Robert Seyfarth ndi Dorothy Cheney anaonetsa kuti apusi a ku Amboseli, ku Kenya, ali ndi kulira kosiyana pa mdani aliyense. Akamva kulira kochenjeza za nyalugwe amathawira m'mitengo. Kwa chiwombankhanga amayang'ana kumwamba n'kudziponya m'zitsamba. Kwa njoka amaimirira ndi miyendo iwiri n'kumasuzumira muudzu. Akatswiriwo ankabisa sipika patchire n'kuseweretsa mawu ojambula, apusi n'kumachita zomwezo mdani palibe. Ine mawu atatu onsewo ndinali nditawatsitsa pa intaneti usiku wathawu, bando yanga yonse inathera pomwepo.

"Anabanda, penyetsetsani. Ndiika ya nyalugwe. Onsewa akwera m'mitengo, ife tidya mwamtendere."

Ndinakweza voliyumu mpaka kumapeto. Koma mafayilo aja ndinali nditangowatchula kuti 1, 2 ndi 3.

Apusi onse anatukula mitu kuyang'ana kumwamba. Mtima wanga unangoti myuu. Ndisanapeze n'komwe pozimitsira, gulu lonse, amayi obereka ana pamimba, anyamata, ndi chimphongo china chodukaduka khutu, linathamangira m'chitsamba. Chitsamba chake chomwe chija.

Kunamveka kaphokoso ka jumbo, tswatswatswa, kenako zii. Woyamba kutuluka anali chimphongo chija, masaya ali tutumu ndi tchipisi, ntchafu ya nkhuku ili m'manja ngati maikolofoni. Chinakhala pansi patsogolo pathu penipeni, n'kuinunkhiza, n'kuiluma chikundiyang'ana m'maso. Kamwana kena kanatuluka kabichi ali pamutu. Fanta imodzi inagubuduzika yokha kubwera kumapazi kwanga, ngati chenji.

Ndinadzuka kuti ndipulumutseko ntchafu yachiwiri. Pothamanga ndinaponda foni, nayo n'kuyamba kuliza nambala 3. Apusi anaimirira ndi miyendo iwiri kusuzumira muudzu. Nabanda, amene phunziro analimvetsa kuposa ana anga a Fomu 4, anakuwa kuti "Njoka!" n'kudumphira kumsana kwanga. Tonse tinagwera m'chitedze.

Tikubwerera wapansi kulowera ku siteji ya minibasi, tikudzikanda ngati apusi omwewo, iye anali akusekabe mpaka misozi. Pofuna kubweza ulemu wanga, ndinamuuza za kafukufuku wa mu 2013 wa ku South Africa. Apusi ena anawazoloweretsa chimanga chopaka buluu, ena chapinki, chinacho atachiwawitsa dala. Mwa apusi, akazi amakhala m'gulu lomwe anabadwira, amphongo ndiwo amasamuka akakula. Ndiye amphongo aja atafika m'gulu lachilendo, pafupifupi onse anasiya chimanga cha kwawo n'kuyamba kudya cha eni mudzi.

Nabanda anaima, n'kusiya kudzikanda.

"Ndiye kuti apusi nawonso n'achikamwini?"

Ndinati tingatero.

"Zikomo aphunzitsi. Kwathu ku Mitundu timadya mgaiwa. Za ufa woyera zanuzo muyambiretu kuiwala."

Fanta yotsala ija anamwa yekha. Ine ndinanyamula botolo, poti linali la dipoziti.