Ulendo wathu wa ku Lilongwe ndi mkangano wa pa Ntcheu

Tinanyamuka ku Blantyre mbandakucha, anthu khumi ndi awiri m'minibasi imodzi, kukacheza kwa anzathu olemba mapulogalamu a kompyuta ku Lilongwe. Mpaka pa Zalewa zonse zinali myaa.

Zinavuta pa Ntcheu. Paja tinagwirizana kuti m'thumba lathu muzikhalabe K60,000 yobwerera, kuphatikiza za pafoni ndi za m'manja. Pa Zalewa a Tcheya ndi a Msungichuma anawerengera limodzi: K50,000 pafoni, K50,000 mu envulopu. Titaima, a Tcheya analowera kothira mafuta n'kulipira K35,000 pafoni. Nthawi yomweyo a Msungichuma anali kuseri, akutigulira tchipisi ndi nkhuku za K35,000 ya mu envulopu. Aliyense mumtima ankati patsala K65,000. Patsala K30,000 basi!

"Akulu, bwanji osandifunsa?"

"Mayi, inuyo munandifunsa?"

Mpaka pa Lizulu m'galimoto munali zii. Ngakhale achimwene athu a Haskell, omwe sakhala chete, ankangoyang'ana milu ya kachewere pawindo.

Titawafotokozera otilandira, mmodzi anawomba m'manja n'kuthamangira pa bolodi. Akuti tabwera ndi phunziro la tsikulo m'thumba, dzina lake write skew: awiri kusintha zinthu zosiyana nthawi imodzi, aliyense akudalira zomwe anaona kale, mpaka lamulo kusweka. Mu transactional memory, lomwe Maurice Herlihy ndi Eliot Moss analongosola mu 1993, mathuredi (tizigawo ta pulogalamu togwira ntchito nthawi imodzi) angapo amagwira deta imodzi popanda kuikirana maloko otsekereza anzawo. Akawombana, ntchito ya mmodzi imafufutidwa n'kuyambanso. Koma ngati dongosolo limangoyang'ana amene alemba pamalo amodzi, monga njira ya snapshot isolation ya m'chiyankhulo cha mapulogalamu cha Clojure, awiri olemba malo osiyana amadutsa onse, lamulo n'kusweka, ngati mmene zinachitikira ndi foni ndi envulopu yathu. Mankhwala ake kumeneko ndi ensure, yoteteza deta yomwe wawerenga kuti wina asaisinthe, koma mathuredi amadikirana kwambiri. Opacity, mfundo ina ya Rachid Guerraoui ndi Michal Kapalka mu 2008, imakhwimitsa zedi: ngakhale ntchito yoti ifufutidwa isaone deta yosokonekera, ndiye kufufuza kumachuluka, liwiro n'kutsika. Anatchulanso TSX ya Intel, transactional memory ya m'kati mwa purosesa, yomwe inabwera ndi mapurosesa a Haswell mu 2013 n'kuzimitsidwa mu 2014 itapezeka ndi vuto.

Ine ndinaima ndi a Msungichuma: pa ndalama bola kuchedwa. A Tcheya anaumirira kuti kufunsana pa chilichonse bwenzi tikadali pa Zalewa, ndipo ndikuvomera kuti mfundo yawo si yopepuka.

Zikomo anzathu a ku Lilongwe chifukwa cha nsima ya chambo, komanso posonkha mafuta obwerera tisanapemphe n'komwe. Zikomo adalaivala popirira phokoso lathu. Achimwene a Haskell, thumba la kachewere munagula pobwerera lija likadali kwa ine, mudzatenge Loweruka. A Tcheya ndi a Msungichuma anakhala mpando umodzi kuchokera pa Dedza, envulopu ili pakati pawo.