Zikomo nonse amene munandipatsa zotaya zanu

Loweruka lapitali khoma la zoimbira lija, limene ndinapanga ndi zinthu zotayidwa, laimba. Mpaka pano mawu anga ndi osasa, chifukwa tsiku lonse ndimangokuwa kuti, "Menyani, musaope, silisweka!"

Ambiri mukudziwa kumene ndachokera. Mu Marichi 2023, namondwe wa Freddy atakokolola matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche kutsikira ku Chilobwe, kashedi kanga kogwiriramo ntchito kanapita ndi madzi. Sindingadandaule mokweza pamaso pa anzathu amene anaika ana ndi makolo awo m'manda. Ine ndinangotaya macheka, zikopa ziwiri za ng'ombe ndi babatoni (gitala wamkulu wa waya mmodzi) amene ndinamupanga miyezi itatu. Komabe manja anangofa. Chaka chathunthu sindinagwire hamala.

Amene anandidzutsa ndi amalume. Tsiku lina m'mawa anatula thumba la zitsekerero za mabotolo pakhonde, nati, "Iwe, ndatola ine izi. Ngati sukuzifuna, ukataye wekha." Ndiye n'kumapita, osamwa ngakhale tiyi. Amalume, sindinataye. Ndinaziphwanya ndi hamala chimodzichimodzi, n'kuziboola ndi msomali, ndipo ndi zija zikuchita wayawaya pamwamba pa khoma mwana akangoligunda.

Kwa amene simunafike: ndi khoma lamatabwa akale lomangirirapo zinthu zolira, ndipo aliyense wodutsa ndi woimba. Pali mapaipi apulasitiki otsala pomanga, amene timamenya kukamwa kwake ndi patapata wakutha. Paipi yaitali imalira besi, yaifupi imalira mokweza, ndipo ukaidula pakati penipeni umapeza liwu lomwe lija koma lapamwamba. Pali mapoto obooka, mangolongondo ogoneka pa mathunthu a nthochi monga amachitira kumudzi, ndi babatoni watsopano wa waya wa m'tayala lakutha, woimba ndi botolo ndi kamtengo ngati mmene amachitira Gasper Nali wa ku Nkhata Bay. Sindinagule kanthu kupatula misomali.

Achimwene owotcherera zitsulo ku msika wa Ndirande, munandiwotcherera miyendo ya khomali madzulo atatu magetsi akuvutavuta, n'kukana ndalama. Amayi ogulitsa mandasi pasiteji, munandisungira zigubu za mafuta ophikira. Ana a m'dera mwathu munatola majumbo m'ngalande mpaka tinaluka zingwe zomangirira. Apa pokha mundilole ndidandauleko: mapulasitiki opyapyalawa boma linawaletsa mu 2015, khoti lalikulu la apilo linagwirizana nazo mu 2019, koma pitani mukaone mtsinje wa Mudi. Sitinavutike kuwapeza ngakhale pang'ono, ndipo zimenezi sizinandisangalatse.

Mlendo wina wophunzira bwino anandiyamikira kuti luso logwiritsanso ntchito zotayidwa ndi limene dziko lonse likukamba masiku ano. Ndinathokoza, koma m'mtima ndimaseka. Tonsefe si tinakula tikumenya mpira wa chikulunga ndi kuyendetsa galimoto zamawaya? Ine sindinatulukire chilichonse. Chimene ndinangowonjezera ndi kuchotsa chikwangwani chija chimakhala pa zionetsero, choti musagwire.

Ndipo kuthokoza kwanga kwakukulu kupite kwa agogo aakazi amene sindinawafunse n'komwe dzina. Anati kwawo ndi ku Nsanje ndipo malemu amuna awo ankaimba ulimba. Anaima nthawi yaitali, chitenje m'chiuno, akumvetsera ana akusokosa. Kenako anatenga patapata, n'kumenya mapaipi onse mmodzimmodzi kuchokera kumanzere. Atafika pa yachisanu anabwereza katatu, n'kunditembenukira.

"Mwanangu, iyi ikunama."

Ndinafuna kutsutsa, poti ndinaichuna ndi foni. Koma ndinatenga sowo n'kudulako pang'ono, ngati m'lifupi mwa chala. Anamenyanso, nagwedeza mutu, n'kuyamba kanyimbo kakwawo ndi manja onse awiri. Ana aja anangoti zii, kenako mmodzi anayamba kuyankha pa mapoto. Ine ndinazemba n'kupita kuseri kwa khoma, ngati ndikukamanga chingwe. Agogo, ngati mdzukulu wanu wina angakuwerengereni izi, paipi ija sindinaigwirenso.

Khomali likhala pabwalo pomwe paja, ndipo anyamata awiri adzipereka kumalifunditsa lona kukamagwa mvula. Vuto ndi limodzi: patapata zisanu ndi imodzi zimene tinali nazo zonse zinaduka Loweruka lomwelo. Amene muli ndi zakutha pansi pa bedi, ngakhale ya phazi limodzi, musaponye kudzala. Kasiyeni kwa amayi a mandasi, ndikatenga Lachisanu.