Foni ya kuchipatala inakagwera m'manja mwa apongozi

Ine ndimakhala pa desiki ya marekodi pakiliniki ina kuno ku Lusaka, anzanga ma data clerk mukudziwa kale ntchito yake, kulowetsa anthu mu SmartCare (pulogalamu ya pa kompyuta yosunga marekodi a odwala), kufunsa NRC (chitupa cha unzika), kuona ngati munthu ali pa NHIMA (inshuwalansi ya boma ya zaumoyo). Lolemba ndi Lachiwiri zinali zomwe zija, malaiti kuthima, netiweki kumangozungulira, ife kulemba pamapepala kenako madzulo kutsala kumalowetsa zonse mu kompyuta ngati tilibe ana kunyumba.

Lachitatu ndiye linanditsukula m'mimba. Anabwera mayi wina wa ku ART, komwe anthu amatengera ma ARV, pampando anakana kukhala. "Mwana wanga, ndani anakuuzani kuti muziimbira apongozi anga?" Ndinangoti amayi pepani, tiyeni tikambire mkati, chifukwa mzere wonse unali utatchera khutu. Iwowa anaphonya tsiku lotenga mankhwala, anali kumaliro ku Chipata, ndiye anzathu olondola odwala anaimba nambala yomwe ili mufayilo. Nambalayo inalembedwa kalekale iwo alibe foni, anapereka ya apongozi poganiza kuti ndi ya pangozi chabe, ndipo chilembereni palibe anawafunsanso. Woimbayo sanatchule matenda ayi, anangoti auzeni abwere adzatenge mankhwala awo, koma apongozi si mwana. Manje banja lonse likudziwa nkhani yomwe mayiyu ndi amuna ake anasunga awiriwiri.

Chomwe chinandilasa kwambiri ndi funso lawo lachiwiri, "Nanga mu kompyutamo munalembamo chiyani china za ine? Ndionetseni." Ndinawatembenuzira sikirini, anayang'ana nthawi yaitali, anapeza kuti adiresi ndi ya ku Kanyama komwe anasamukako kale, ndipo tsiku lobadwa ndi lolakwika. Zinthu zoti mwini wake wakonza pompo, koma zakhala choncho zaka chifukwa fayilo timaitenga ngati yathu, wodwala amangoona kumbuyo kwa kompyuta.

Lamulo la Data Protection Act la 2021 limaika za umoyo wa munthu m'gulu la zinsinsi zofunika kusamala kwambiri, ma bwana athu amalitchula bwino pa ma wekishopu akudya nkhuku. Koma akabwera kudzationa amangofunsa mwalowetsa angati lero, ma lipoti apita? Za desiki yanga yomwe sikirini yake imaonekera pawindo la mzere ndadandaula mpaka ndatopa, yankho lake ndi lakuti soketi ili mbali imeneyo. Soketi!

Lachinayi ndinayamba kufunsa aliyense kuti nambala iyi ndi yanu kapena ya wina, ndipo tingaimbe? Mzere unachedwa, a sister in-charge anabwera kudzaona chavuta n'chiyani, ndinawafotokozera anangopukusa mutu n'kupita. Ambiri ndithu anasinthitsa nambala, bambo wina anati fufutani, ndi ya abwana anga kuntchito. Lachisanu netiweki inagwanso m'mawa wonse, tinabwerera kumapepala, ndipo papepalapo malo olembapo kuti foni ndi ya ndani palibe, ndimangolemba m'mphepete ndi bolopeni yofiira.