Chipinda cha apongozi chinagwera kwa aneba

Puloti yanga ya ku Chalala mu Lusaka ndi ya mamita 20 m'lifupi ndi 30 m'litali. Koma nthawi imene ndinkajambulitsa pulani ya nyumba, ine ndi tepi yanga tinagwirizana kuti m'lifupi ndi mamita 23, mboni yathu ili mbuzi.

Wojambula mapulani anandipempha dayagiramu ya asaveya, pepala lija la mkati mwa taito losonyeza mabikoni ndi kutalika kwa mbali iliyonse. Taito inali m'sutikesi kwa achimwene ku Chipata, ndiye ndinati ndikayeza ndekha. Bikoni ndi kachitsulo kozikidwa m'konkire pangodya ya puloti. Awiri a kumanzere ndinawapeza msanga, pakati pawo mamita 30 ndendende. Wa kutsogolo kumanja anandizunguza m'udzu mpaka ndinaona chitsulo chozikidwa bwino mu simenti, mbuzi itamangidwa pomwepo. Ndinadandaula mumtima kuti anthu a masiku ano alibe ulemu, kumangirira chiweto pa bikoni wa boma. Ndinakoka tepi, 23. Kumbuyo sindinayeze, poti mbali zoyang'anana zimafanana.

Malo akachuluka, maganizo amachulukanso. Amake mwana anafuna pantire ndi chitseko cha kukhitchini chotulukira kuseri kumene amakoleza mbaula magetsi akapita. Apongozi anafuna chipinda chawochawo, cha chimbudzi mkati ndi khomo lakelake, kuti asamadutse pabalaza tikamaonera mpira. Nyumba inatambasuka mpaka mamita 19. Kumanzere tinasiya mita ndi theka, kumanja mamita awiri ndi theka odutsa galimoto, chipinda cha apongozi chili kumapeto kwenikweni kumanjako.

Lamulo la 2015 la Urban and Regional Planning silola kumanga popanda chilolezo, choncho ndinasonkhanitsa zofunika kupita nazo ku khonsolo, ku Civic Centre pa Independence Avenue: fomu, kope la taito ndi la NRC, umboni woti ndinalipira maleti, lisiti la ndalama younikira pulani, ndi mapulaniwo atadindidwa ndi katswiri wolembetsedwa ku Zambia Institute of Architects. Pulani si pepala limodzi ayi. Pali losonyeza kumene puloti ili, lina la mmene nyumba yakhalira pa pulotipo, la zipinda pa sikelo ya 1:100, la maonekedwe a mbali zonse, la nyumba yodulidwa pakati kuyambira maziko mpaka denga, ndi la mapaipi a zonyansa. Taito inabwera pa basi m'mawa womwewo. Ndinaikopetsa n'kuiphatikiza osaiwerenga, chifukwa munthu suwerenga chinthu chako.

Mapulani amazungulira kwa a mapulani a mzinda, kwa mainjiniya ndi kwa azaumoyo, ndipo sizitha sabata imodzi. Apongozi anati kudikira chidindo n'kupanda chikhulupiriro. Tinapita nawo ku puloti, anaima pakati pa chipinda chawo chomwe ndinalemba ndi laimu, anapemphera mpaka mbuzi inagona pansi. Mawa lake ndinaika anyamata kuti ayambe kukumba maziko, kuyambira mbali ya apongoziyo.

Amene anakumbapo ku Lusaka akudziwa kuti fosholo ikangolowa pang'ono imakumana ndi mwala. Ngalande ya mamilimita 600 m'lifupi anyamata anaiswa ndi hamala yaikulu ndi tchizulo, pena kuwotcha matayala pamwala madzulo kuti m'mawa ung'ambike. Mtengo unasintha kawiri ntchito ili mkati. Aneba ankabwera tsiku lililonse, manja kumbuyo, n'kumati, "Aneba, ntchito ikuyenda bwino kwambiri. Anyamata anu ndi amphamvu."

Atandiitana ku khonsolo ndinavala jekete. Bambo wa pa desiki anayala pulani yanga, pambali pake kope la dayagiramu, n'kuloza ndi cholembera chofiira.

"Bambo, apa palembedwa 20. Apa mwajambula 23. Mamita atatu enawa mwawagula kwa ndani?"

Anawerengetsa nane ngati mwana wa giredi 3. Mita ndi theka kuphatikiza 19 zikwana 20 ndi theka. Khoma la apongozi linali theka la mita mkati mwa puloti ya aneba, osawerengera denga lotulukira kunja, ndipo galimoto yanga inkayenera kudutsa m'munda wawo wa repu.

Saveya wolembetsedwa anabwera ndi makina ake, nafukula bikoni weniweni pansi pa mulu wa mchenga wanga womwe. Chitsulo chija aneba anachizika okha, cha mbuzi. Nditawafunsa chifukwa chimene sanandiuzire, anati ankaganiza kuti ndikuwathandiza.

Pulani inabwerera kwa wojambula. Anaitembenuza nyumba kuti igone motsata mamita 30, ndipo apo panabuka nkhani ina. Chitsime chobowola ndi makina chiyenera kutalikirana mamita 30 ndi sepitiki ndi sokawe, maenje olandira zonyansa za m'chimbudzi, chifukwa mwala wa laimu wa pansi pa Lusaka uli ndi ming'alu ndipo zonyansa zimafika m'madzi msanga. Pa puloti ya 20 kwa 30, kuchoka ngodya ina kupingasa kukafika ngodya ina ndi mamita 36 okha, ndiye chitsime chinapita kutsogolo kumanzere, sokawe kumbuyo kumanja, nyumba n'kupanikizika pakati. Pantire inachepa. Chipinda cha apongozi chinasamukira pafupi ndi balaza, khoma limodzi ndi TV. Kusindikizanso, kudinditsanso, kukaperekanso, zonse ndalama.

Ngalande ija aneba anathiramo manyowa a mbuzi yomweyo n'kubzala nthochi mzere wonse. Apongozi akuti malowo anawapempherera ndi iwo, choncho mkoko woyamba ndi wawo, ndipo andituma ine kuti ndikawauze aneba.